Mwamaliza sukulu ya unamwino: boma, mishoni, mabungwe kapena kunja? Tiyerekeze tili kuno kuchigwa cha Shire

Makolo ambiri a ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula samvetsa chinthu chimodzi. Akapita kuchipatala amapeza namwino mmodzi akulimbana ndi mzere wofika panja, koma mwana wawo amene anamulipirira fizi zaka zitatu, mpaka kugulitsa ng'ombe, ali pakhomo ndi dipuloma yake m'sutikesi. Zonse ziwirizi n'zoona. Anamwino ndi ochepadi: bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa anthu 1,000 alionse pamafunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45, ndipo ife sitifika ngakhale mmodzi. Koma kuti pa wodi pakusowa namwino sizitanthauza kuti pali ntchito. Ntchito imakhalapo pokhapokha wina akavomera kulipira munthuyo mwezi ndi mwezi, ndipo apa m'pamene pali mfundo.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Pakati pa 2004 ndi 2010 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi Global Fund, linali ndi ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo. Malipiro anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, sukulu za unamwino zinakulitsidwa, ndipo womaliza sukulu ankangodikira kalata yomuuza kumene akagwire. Sukuluzo zikutulutsabe anthu chaka ndi chaka, zina zatsopano zabwera, koma thumba la malipiro a boma silinakule mofanana. Lero muyenera kudikira kuti alengeze mipata, mulembe kalata, mukachite intavyu pamodzi ndi anzanu amene anamaliza zaka zitatu kapena zinayi inu musanamalize.

Musanayerekeze njira iliyonse, laisensi ya Nurses and Midwives Council of Malawi ikhale m'manja. Dipuloma ya ku Trinity ku Muona, ya ku Malawi College of Health Sciences, kapena digiri ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) siikupatsani chilolezo chogwira wodwala ngati simunakhoze mayeso a khonsoloyi. Laisensiyo imafunanso kuikonzanso nthawi yake ikakwana, ndipo pamafunika mapointi a CPD, osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira za ntchito yanu. Amene ali pakhomo osagwira ntchito ndi amene amaiwala zimenezi, n'kudzadzidzimuka mipata italengezedwa.

Ntchito ya boma

Imeneyi ndi imene aliyense akuifuna, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Mukalowa pa payroll mwalowa: kuli penshoni, kuli tchuthi chokachita maphunziro mukagwira zaka zingapo, ndipo banki imakudziwani. Zipatala za m'maboma zili pansi pa makhonsolo, choncho mipata ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imadzera ku Local Government Service Commission, pomwe ya zipatala zikuluzikulu ngati Gulupu (Queen Elizabeth ku Blantyre) imadzera ku Health Service Commission. Zoipa zake n'zodziwikanso. Simudziwa kuti mipata ituluka liti. Malipiro oyamba amatha kuchedwa miyezi, ndiye munthu amafika pamalo atsopano n'kuyamba ndi ngongole. Ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a NMT (Nurse Midwife Technician, namwino ndi mzamba wa dipuloma) safika pa tsiku la 20 la mwezi ngati pali abale oti muwathandize.

Koma mawu oti "ntchito ya boma kuchigwa" amabisa ntchito ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo ndikufuna tikhalitse pamenepa.

Yoyamba ndi ya pachipatala chachikulu cha pa boma, cha Chikwawa kapena cha Nsanje, tingaphatikizeponso cha Ngabu. Pamenepa pali metironi, pali ma clinical officer, pali anamwino akale oti muwafunse. Pa Chikwawa ndi pa Nsanje pali fiyeta, ndiye mayi akalephera kubereka amathandizidwa pomwepo. Mumazungulira mawodi: kwa ana, ku matenite, kwa abambo, kwa amayi. Odwala ndi ambiri, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, osawerengera abale athu a ku Mozambique amene amawoloka malire kudzafuna thandizo. Naiti imodzi ku wodi ya ana nthawi ya dzinja, malungo atavuta, ana akufuna magazi, imakuphunzitsani kuika kanyula kuposa chaka chathunthu cha m'kalasi. Mumatopa, koma mumatopa muli ndi anzanu.

Yachiwiri ndi ya pachipatala chaching'ono: Chapananga, Makhuwira, Tengani, Ndamera, Makhanga ndi zina zotero. Kumeneko mutha kupezeka muli azamba awiri okha, mnzanuyo akapita kumaliro kapena ku workshop mwatsala nokha usana ndi usiku. Mayi akayamba kutaya magazi atabereka, palibe woti mumuyang'ane kumaso kuti akuuzeni chochita. Ambulansi ichokere pa boma, ngati mafuta alipo, ngati msewu ukudutsika. Amene anagwirapo ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, amadziwa kuti msewu wochoka pa Thabwa kulowera ku Fatima umakhala wotani mitsinje yochoka m'mapiri a Thyolo ikadzadza. Ku Makhanga madzi a Ruo ndi Shire akhala akusefukira mobwerezabwereza, mu January 2015, mu 2019 ndi namondwe wa Idai, mu January 2022 ndi Ana, mu March 2023 ndi Freddy, mpaka nthawi zina bwato ndi limene limakhala njira yokha. Kuchoka pa Nsanje boma kukafika ku Gulupu ndi makilomita pafupifupi 180, kumapeto kwake n'kukwera chitunda cha Thabwa. Wodwala amene mwamutumiza mochedwa mtunda umenewu sumukhululukira.

Maganizo anga ndi akuti womaliza sukulu kumene asayambire payekha pachipatala chaching'ono. Sikuti sangathe, koma zolakwika za chaka choyamba zimafuna wina wozikonza zisanafike pa wodwala. Mukapatsidwa malo otere musakane ntchito, zimenezo n'kutaya mwayi umene anzanu akuulirira. Pitani kwa mkulu wa anamwino pa boma mwaulemu, mupemphe kuti akusungeni miyezi ingapo ku leba wodi ya chipatala chachikulu musanatsikire kumudziko. Funsaninso za nyumba, za madzi (zitsime zambiri kuno madzi ake ndi amchere), za magetsi kapena sola ya ku matenite, ndiponso kuti mudzakhala anthu angati.

Ambiri ochokera kumtunda akamva Nsanje amangoganiza kutentha kwa October ndi November, pamene kumadutsa madigiri 40, ndi udzudzu. Akafika, chaka chisanathe ayamba kale kulemba makalata opempha transifa. Izi zikutanthauza kuti mipando ya kuno imasowa anthu kawirikawiri, ndipo amene wanena poyera pa intavyu kuti ndi wokonzeka kukhala kuchigwa ali ndi chonena chimene ena alibe. Ngati ndinu mwana wa kuno, Chisena ndi Chimang'anja mumachimva, musachite nacho manyazi. Agogo a ku Ndamera akamafotokoza mmene m'mimba mukuwawira safotokoza m'Chichewa cha pa wailesi. Ochokera kumtunda nawonso amaphunzira, miyezi ingapo basi, bola asamadzimve.

Zipatala za mishoni

Zipatala za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo lachipatala m'dziko muno, ndipo kuno kuchigwa n'zazikulu ndithu: Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona, Kalemba ku Bangula. Mwa mgwirizano wa boma ndi CHAM, malipiro a ogwira ntchito pa mipando yovomerezeka amachokera ku boma, choncho pa ndalama kusiyana ndi ntchito ya boma n'kochepa. Funso loyamba kufunsa musanasaine ndi ili: kodi mpando umenewu uli pa payroll yolipidwa ndi boma, kapena chipatala chizindilipira ndi ndalama zake? Ngati ndi zachipatala, malipiro anu adalira zimene odwala akulipira, ndipo chaka cha njala kapena cha madzi osefukira anthu kuno sakhala ndi ndalama.

Ubwino wake ndi woti kalata mumalembera chipatalacho mwachindunji, simudikira kuti dziko lonse lilengeze. Nthawi zambiri nyumba imakhala pafupi, mkati mwa mishoni momwemo. Popeza odwala amalipira, mzere umakhala wocheperako ndipo mankhwala amapezekako bwino, kupatula ku matenite ndi kwa ana aang'ono kumene pangano la chipatala ndi khonsolo ya m'bomalo limachititsa kuti thandizo likhale laulere; kumeneko ntchito ndi yambiri ngati ya boma. Ku Trinity kulinso sukulu ya anamwino, ndiye wokonda kuphunzitsa amayamba kuyang'anira ophunzira pa wodi msanga.

Pali zina zoti muzidziwiretu. Zipatala zitatu ndatchulazi ndi za mpingo wa Katolika, ndipo mpingowu suvomereza njira zamakono zolerera. Ngati mukufuna manja anu azolowere kuika implanti kapena lupu, luso limeneli mudzalifunafuna kwina. Ndiponso moyo wa pamishoni ndi wa pamudzi waung'ono: aliyense amadziwa amene wabwera kudzakuchezerani. Ena zimawakomera, ena zimawapanikiza. Kwa womaliza kumene, ine ndimaika mishoni pamzere umodzi ndi chipatala cha pa boma, ndipo nthawi zina patsogolo, chifukwa pali okuyang'anirani ndipo mpanipani wake sukuthyolani msana chaka choyamba.

Lokamu ndi kuvolontiya

Apa m'pamene pali ambiri a inu panopa. Lokamu ndi kugwira shifiti yosowa munthu, n'kulipidwa pa shifitiyo. Ndalama zake zimachokera m'thumba loyendetsera chipatala, thumba lomwelo limene likugula mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala, ndiye zikachedwa kuchokera ku likulu, wa lokamu amakhala kumapeto kwa mzere. Palibe penshoni, palibe tchuthi, mukadwala palibe malipiro. Kuvolontiya ndiye kulibiretu kanthu, mwina kathiransipoti.

Komabe sindinganene kuti muzipewe. Namwino amene wakhala zaka ziwiri osagwira wodwala amaoneka pa intavyu: mulingo wa magnesium sulphate wauiwala, patogalafu (tchati yolondolera mayi amene ali pa leba) akuidodoma. Amene wakhala akugwira lokamu amayankha ngati munthu amene wachoka pa wodi dzulo. Amamvanso msanga za mipata ya mishoni ndi ya mabungwe, ndipo metironi akafunsidwa kuti kodi muli ndi munthu, amatchula amene akumuona. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Nsanje inali mwa maboma oyamba kukhudzidwa, anamwino ambiri osalembedwa anaitanidwa kumisasa ya odwala pa makontirakiti aafupi. Amene ankadziwika kale pachipatala sanavutike kupezeka.

Chofunika ndi kudziikira malire. Pezani kalata yolembedwa yoti mukugwira pamenepo, chifukwa chinthu chikalakwika pa wodi muyenera kukhala woti munaloledwa kukhalapo. Lembani mashifiti anu m'kope lanu, inchaji azisaina. Sankhani chipatala chapafupi ndi kwanu kapena kwa abale kuti lendi isakudyeni. Kuchita lendi pa Nchalo kuti muzivolontiya n'kugwiritsa makolo ntchito kachiwiri. Ndipo musakhulupirire aliyense wonena kuti kuvolontiya kumakutsimikizirani mpando wa boma. Olemba ntchito ndi komishoni, osati metironi.

Mabungwe ndi kafukufuku

Chigwa chathu mabungwe amachidziwa chifukwa cha madzi osefukira, njala, malungo ndi HIV. A Red Cross sasowa kuno nthawi ya ngozi, ndipo a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuchita kafukufuku ku Chikwawa kwa zaka zambiri. Malipiro ake amaposa a boma, nthawi zina kutali, amabwera pa tsiku lake, galimoto ilipo, naiti kulibe kapena n'zochepa. Mumaphunzira kompyuta, kulemba malipoti, kusunga bwino zolemba za kafukufuku. Setifiketi ya Good Clinical Practice, ya kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu, imapezeka pa intaneti ndipo ndi imene amaiyang'ana kwa namwino wa kafukufuku.

Ntchito imeneyi ili ngati dimba la m'mphepete mwa Shire: limabereka kuposa munda wa kumtunda, koma madzi amalitenga usiku umodzi. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ogwira ntchito zaumoyo ambiri amene ankalipidwa ndi ndalama za USAID ndi PEPFAR anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ena sanabwererenso. Kontirakiti ya chaka chimodzi ndi ya chaka chimodzi basi. Onetsetsani kuti akukudulirani penshoni monga lamulo likunenera, inu 5 peresenti, bwana 10 peresenti. Chachiwiri, ntchito zambiri za m'mabungwe n'zopapatiza. Mutha kukhala zaka zitatu mukutenga magazi ndi kudzaza mafomu osabereketsa mayi ndi mmodzi yemwe. Ndipo mabungwe ambiri amafuna amene wagwirapo kale zaka ziwiri, ndiye kwa womaliza kumene khomo limeneli nthawi zambiri ndi lachiwiri, osati loyamba.

Bwanji ngati muli ku bungwe, ndalama zikukoma, kenako dzina lanu latuluka pa mndandanda wa boma? Ambiri amavutika nazo. Ngati ndinu NMT ndipo mukufuna kudzakwera kufika pa digiri, ine ndingatenge ya boma. Ngati muli kale ndi digiri, kontirakiti yatsala ndi zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo mukusungadi ndalama osati kungosintha foni, kukhala kumene muliko kuli ndi nzeru yake.

Makampani ndi zipatala za anthu

Kampani ya shuga ya Illovo ili ndi zipatala zake ku esiteti ya Nchalo zothandiza antchito ndi mabanja awo. Mipata yake siituluka kawirikawiri, ikatuluka lembani. Tizipatala ta anthu ta m'matauni ngati Nchalo, Ngabu ndi Bangula ndi nkhani ina. Tina n'tabwino. Tina timalipira mochepera lokamu ndipo mwini wake amafuna kuti namwino azichita zonse, kuyeza, kulemba mankhwala, kusoka, iye ali kwina. Chikalakwika, laisensi yotayika ndi yanu. Funsani ngati chipatalacho chili m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo muone chiphaso chake pakhoma ndi maso anu.

Kunja

M'magulu a WhatsApp a anamwino nkhani imeneyi siitha. Mu 2022 bungwe la anamwino ndi azamba la NONM linalengeza zofuna kutumiza anamwino osalembedwa ntchito ku America ndi ku Saudi Arabia, boma linakana, ndipo mkangano wake unaonetsa poyera zimene tayamba nazo zija: dziko likusowa anamwino koma silikutha kuwalemba.

Zoona zake n'zakuti njira imeneyi si ya womaliza kumene. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri, ndipo chifukwa cha ichi malamulo a ku Britain salola zipatala zawo kapena ma agent kubwera kudzakopa anamwino kuno. Munthu payekha atha kulemba kalata mwachindunji, zimenezo n'zololedwa. Koma ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta a CBT, kenako mayeso oonetsa luso la ntchito a OSCE amene amachitikira ku Britain komweko. Ku America ndi mayeso a laisensi a NCLEX, pamodzi ndi kuunikidwa kwa mapepala. Zonsezi zimalipidwa m'mapaundi ndi m'madola, pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki mwathu. Maiko amenewa amafuna registered nurse, namwino wa mlingo woposa wa NMT, ndiye wa dipuloma ya NMT ayambe waganiza zokweza maphunziro. Khomo lina limene ambiri ankalowera, la ntchito yosamalira okalamba ku Britain, linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu July 2025.

Choncho munthu akakuuzani pa Facebook kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni malo ku London, sungani ndalama zanuzo. Makolo kuno agulitsa kale ziweto kamodzi. Amene akufunitsitsa kupita, njira yake yodalirika ikudutsa pa wodi yomweyi: zaka ziwiri kapena zitatu za ntchito yolembedwa, kalata yabwino ya metironi, mbiri yoyera ku khonsolo ya anamwino, ndi ndalama zosunga pang'onopang'ono za mayeso.

Kubwerera kusukulu muli pa ulova

Ena amati m'malo mokhala, ndikachite digiri. Ngati pali wolipira popanda ngongole, palibe choletsa. Koma maphunziro okwezera NMT nthawi zambiri amafuna kuti mugwireko kaye ntchito, ndipo a digiri nawonso ali pamzere womwewu wodikira. Digiri yochita muli kale pa payroll imakoma kuposa yochita ndi katapila.

Ndiye tisankhe iti?

Zidalira kuti ndinu ndani. Mwana wa kuno amene ali ndi pogona kwa makolo ku Ngabu kapena ku Tengani ali pabwino kuposa mmene amaganizira: agwire lokamu pafupi ndi kwawo, alembere mishoni zonse zitatu, ndipo mipata ya boma ikatuluka asankhe Chikwawa kapena Nsanje mosazengereza. Wochokera kumtunda amene wapatsidwa malo kuno abwere, agule neti ndi fani, adzipatse zaka ziwiri asanayambe za transifa. Adzachoka ndi manja amene mnzake wa pakiliniki ya mu Blantyre alibe. Amene ali ndi ana aang'ono kapena matenda ofuna chipatala chachikulu pafupi ali ndi chifukwa chomveka chopempha malo a m'mbali mwa msewu wa M1 osati kutsidya kwa mtsinje, ndipo anene zimenezi poyambirira pomwe, osati atalandira kale nyumba. Amene mutu uli kunja, ndanena kale.

Mipata ya boma imalengezedwa m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times komanso pa zikwangwani za ku khonsolo, ndipo masiku olembera amakhala ochepa. Khalani ndi envulopu yokonzeratu: makope a MSCE, dipuloma kapena digiri, laisensi yosatha nthawi, chiphaso cha unzika, ndi makalata awiri a anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Intavyu ya boma salipiritsa, ndipo wokuuzani kuti ali ndi munthu wake ku komishoni woti alowetse dzina lanu mukamupatsa kenakake, mukamunene ku Anti-Corruption Bureau.